Mwana wa mfumu uja wa nsapato yagalasi

Adzukulu anga, senderani kufupi, mafoniwo muyambe mwaika pansi. Nthano ya Cinderella nonse mukuidziwa, ya mtsikana wamasiye amene mayi omupeza adamusandutsa wantchito m'nyumba ya bambo ake omwe, koma mukamaikamba mumathamangira diresi, ngolo ya dzungu ndi nsapato yagalasi, mnyamatayo n'kumusiya m'mbuyo. Ine ndikufuna tikambe za iyeyo, mwana wa mfumu, pakuti ndakhala ndikumuona pakanema kuyambira ndili ndi mphamvu zokolopa nyumba yonse dzuwa lisadakwere mpaka lero pamene ndikuyendera ndodo, ndipo si munthu mmodzi ayi. Filimu iliyonse idamuumba mwakemwake.

Muyambe mwadziwa makutu amene ndidapita nawo kukanemako. Kwathu ku Nathenje nthano zinkakambidwa usiku, makamaka m'masika chimanga chili m'nkhokwe, titazungulira moto wa zitsononkho, mbatata zili m'phulusa, utsi ukutilowa m'maso, agogo aakazi atatambalala pamphasa n'kuyamba kuti "Padangotero," ife tonse n'kuvomera kuti "Tili tonse." Mwana wamasiye adalimo m'nthanozo, wodya nsima ya gaga anzake akudya ya ufa woyera, ndipo agogo akafika pamenepo ankaima kaye n'kutikumbutsa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma pa nkhani ya ukwati, woyesedwa ankakhala mwamuna. Mfumu inkakhala ndi mwana wamkazi wokongola, anyamata n'kumabwera mmodzimmodzi kudzayesedwa nzeru ndi kupirira, ndipo wopambana kawirikawiri ankakhala wonyozeka uja. Idaliponso ina ya namwali wokana amuna onse a m'mudzi, amene adatengeka ndi mlendo wowala nkhope wosadziwika kwawo, ndipo atafika naye pakati pa thengo mlendoyo adasanduka fisi. Choncho tidakula tikudziwa kuti mwamuna amafunsidwa dzina, mfunda, mudzi ndi amalume ake. Komanso kwa ife Achewa mwana wa mfumu sadali munthu wonjenjemeretsa, chifukwa ufumu umatsata kuchikazi, umagwera mwana wa mlongo wake wa mfumuyo. Mwana wake womubala akakula ankanyamula khasu ndi nkhwangwa n'kupita kuchikamwini, kukalima munda wa apongozi.

Ku Lilongwe tidabwera boma litangosamuka kumene ku Zomba mu 1975. Agogo anu aamuna, malemu, adali telala wa pakhonde la sitolo ya amwenye ku Old Town, kufupi ndi msewu wa Malangalanga, ndi makina awo a Singer opalasa ndi phazi, choko kukhutu, tepi yoyezera m'khosi, ndipo tinkachita lendi ku Mchesi. Ine ndidapeza ntchito yolera ana ku Area 10. M'mamawa kukali chisisira ndinkatsikira kudepoti, fungo la usipa ndi utaka likuchokera kumsika, amayi a zitumbuwa akukoleza mbaula, n'kukwera basi ya UTM yolowera ku City Centre, imene nthawiyo idali nyumba zoyera zowerengeka zomwazikana m'tchire, misewu yatsopano yaphula ili see, Capital Hill ikuonekera patali. Ku Area 10 kudalibe mipanda yanjerwa yaitali mukuionayi. Kudali mipanda yamaluwa, kapinga wothiriridwa, makonde ofiira onunkhira polishi ya Cobra, ndi bata loti njiwa ikalira nyumba yachitatu unkaimva. Eni nyumba ankasinthasintha, azungu a m'maofesi a akazembe ndi a mabungwe ankakhala zaka zochepa n'kumapita, ife n'kumatsala ndi kalata ya umboni yokapezera ntchito pageti lina.

Wailesi yakanema dziko lathu lidalibe. Television Malawi idadzayamba mu 1999. Kanema amene ndinkamudziwa ine adali wa galimoto zachikasu za alangizi a zaulimi, woonetsedwa pabwalo la mudzi, wophunzitsa kubzala m'mizere ndi kuthira feteleza. Cinderella ndidakumana naye koyamba m'kabuku ka zithunzi kamene ana ankandipatsa pogona kuti ndiziwatsegulira masamba. Padapita zaka, kenaka banja lina limene ndinkaligwirira ntchito lidabwerako kutchuthi ndi deki ya vidiyo ndi katoni ya matepi. Tsiku lina masana mvula ikukhuthuka, zochapa zitakanika kuyanika, adona adandiuza kuti ndikhale ndi anawo pakapeti. Akhukhi, bambo wachikulire wa ku Nkhata Bay, adaima pakhomo la kukhitchini, kansalu kopukutira mbale kali paphewa.

Idali filimu yojambula pamanja ya Walt Disney, ya mu 1950. Kukoma kwake sindingathe kukufotokozerani mokwanira: mbalame zikuyala bedi, timbewa tovala timalaya tikusoka diresi ndi singano ndi ulusi, thovu la sopo likuuluka mtsikana akukolopa atagwada, chidebe chili pambali. Mwana wa mfumu adali wamtali, tsitsi lakuda lopesedwa bwino, jekete loyera la mapewa agolide ndi thalauza lofiira. Koma filimu yonse mpaka kutha dzina lake silidatchulidwe. Phwando lovina adakonza ndi bambo ake, mfumu yokalamba yolakalaka zidzukulu, ndipo atsikana akamadutsa kudzamugwadira, mnyamatayo ankangoyasamula. Adaona Cinderella, n'kuvina naye, n'kuimba naye nyimbo imodzi akuyenda m'munda wa maluwa, wotchi n'kugunda pakati pa usiku, mtsikana n'kuthawa. Kuchokera apo kalonga sadaonekenso mpaka tsiku la ukwati, pamene awiriwo adapsompsonana m'ngolo, ine n'kuyang'ana pansi, poti m'nthawi ya Kamuzu zotere a boma ankazidula m'mafilimu oonetsedwa pagulu ndipo maso athu sadazizolowere.

Nsapato idayendetsedwa khomo ndi khomo ndi nduna ya mfumu, bambo wowonda wa galasi la diso limodzi, tulo tili m'maso. Amene adavutika kukweza kiyi pamasitepe kuti mtsikanayo atuluke m'chipinda chimene adamutsekera ndi mbewa ziwiri. Akhukhi adapukusa mutu nati, "Nanga mwini wakeyo ali kuti?" Ndunayo idagwira ntchito ya nkhoswe, ndipo nkhoswe ndi munthu wofunika, koma imapita pakhomo pamene mnyamata wafikapo kale yekha, waona pamene mtsikana amasinja, wamva dzina lake kuchokera pakamwa pa mwini wake. Madzulo ake ndidawafotokozera agogo anu tikudya nsima ya nkhwani wotendera, ndipo adadabwa kuti munthu angavine ndi mwana wa eni mpaka pakati pa usiku osamufunsa kwawo. Iwotu pofunsira mbeta adabwera okha panjinga yobwereka, fumbi mpaka m'nsidze, n'kukhala pampando wa ndalema panja pa kuka ya agogo, ndipo chikole chawo chidali mpango umene adapinda m'mbali ndi manja awo. Kalonga wa Disney tidamukonda ndithu, poti adali wofatsa ndi waulemu, koma tepi idatha tisakumudziwa.

Mwana wanga wamkazi, mayi wa ena mwa inu, ankabwereka mabuku ku National Library ku City Centre, ndipo ndiye adandiwerengera kumene opanga mafilimu adaitenga nthanoyi. Mfalansa wina, Charles Perrault, adailemba mu 1697, ndipo mwake ndi mmene muli dzungu, nsapato yagalasi ndi kalonga wotuma anthu. Abale awiri a ku Germany, a Grimm, adatulutsa yawo mu 1812. Mmenemo nsapato ndi yagolide, kalonga adapaka phula pamasitepe kuti mtsikanayo asathawe, ndipo nsapatoyo adapita nayo yekha, koma ana a mayi uja adamunamiza kawiri podzicheka phazi kuti likwane, mpaka nkhunda ndizo zidamutsina khutu. Ndiye kuti ngakhale m'mabuku mnyamatayu adayamba ali wosayang'ana nkhope, ndipo ntchito yomuwongola idatsalira a mafilimu.

Kalonga wachiwiri ndidamuona m'nyumba ina ku Area 43, pa tepi ya The Slipper and the Rose, filimu ya anthu enieni yopangidwa ndi a ku Britain mu 1976. Uyu adali ndi dzina, Edward, ndipo amene adasewera mbali yake ndi Richard Chamberlain. Pakamwa adali naponso. Adauza makolo ake maso ndi maso kuti mkazi womukonzera sakumufuna, adzakwatira amene mtima wake wasankha. Koma dziko lawo, Euphrania, lidali laling'ono loopa nkhondo, ndipo akuluakulu ankafuna ukwati womanga chibale ndi dziko lina lamphamvu. Akuluakuluwo ndidawamvetsa, poti nafenso timadziwa kuti ukwati sukhala wa anthu awiri okha. Chimene ndidamukondera Edward n'chakuti adali ndi mnyamata womutumikira, John, amene ankakondana ndi mkazi wa m'banja lapamwamba koma mwambo unkawaletsa, ndipo Edward adamukweza paudindo kuti akwatirane. Ine amene ndinkadyera kuseri kwa khitchini ndidadziwa kulemera kwake kwa bwana woganizira mtima wa wantchito wake. Komabe nduna zitamuchotsa Cinderella mwakachetechete n'kumupititsa kutali, Edward adakwiya, adadandaula, kenaka adagonja n'kukaima kutchalitchi ndi mkazi wina, ndipo chidawapulumutsa ndi matsenga. Mtima adali nawo, koma mphamvu zoimira pa mawu ake zidamuchepera.

Chisankho cha 1994 chitadutsa, tawuni idatseguka. Kaunjika adadzaza m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, ndipo ku Kawale, ku Biwi ndi kwathu ku Mchesi kudabuka mavidiyo sho, tizinyumba ta masaka pazenera, sipika ikulira panja, ana opanda makobidi akusuzumira m'ming'alu. Kumeneko kunkalamulira nkhonya ndi mfuti. Za ife amayi zinkapezeka m'masitolo obwereketsa matepi ku Old Town, ndipo mwana wanga wamwamuna atayamba ntchito ku City Centre adagula deki yakeyake. Pamenepo ndipo ndidayamba kuonera filimu nditakhala pampando, m'nyumba ya mwana wanga, tiyi wa Chombe ali m'manja.

Mwa matepi amene adabwera nawo mudali Cinderella ya mu 1997, imene ku America itaonetsedwa pa wailesi yakanema idaoneredwa ndi anthu pafupifupi 60 miliyoni. Cinderella adali woimba uja Brandy, wa khungu lathu lomweli, tsitsi lolukidwa, ndipo mayi wamatsenga adali Whitney Houston. Atsikana a m'nyumbamo adangoti kukamwa yasa. Kalonga, Christopher, adali Paolo Montalban, wobadwira ku Manila ku Philippines. Amayi ake mufilimumo adali Whoopi Goldberg, wakuda, bambo ake Victor Garber, mzungu, ndipo palibe adafunsa kuti zatheka bwanji. Christopher adatopa ndi mpanda wa kunyumba yachifumu, adavala zovala wamba n'kulowa mumsika. Kumeneko ndiko adakumana ndi mtsikana atasenza katundu wa mayi omupeza ndi ana awo, ndipo akavalo atamudzidzimutsa, katunduyo n'kumwazika, kalonga adawerama n'kuyamba kutola. Ine ndayenda mumsika wa Lilongwe zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti dengu la tomato likagwa ambiri amalambalala, ena amaseka, wowerama amakhala mmodzi. Christopher adamuona mtsikanayo ali m'zovala zantchito asadamuone ali m'diresi laphwando. Nsapato itatsala pamasitepe sadatume munthu yekha, adapita nawo khomo ndi khomo mpaka adamupeza. Paja amati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Koma amene adandikhudza mpaka usiku wake tulo osabwera ndi Henry wa mu Ever After, ya mu 1998. Mbali yake adasewera ndi Dougray Scott, ndipo ya mtsikana, Danielle, ndi Drew Barrymore. Muno mulibe matsenga. Nkhani ili ku France m'zaka za m'ma 1500, ndipo m'malo mwa mayi wamatsenga muli nkhalamba yojambula zithunzi, Leonardo da Vinci. Henry ndi mwana wokulira m'chuma, wosadziwa chimene akufuna. Pothawa ukwati umene adamukonzera ndi mwana wa mfumu ya ku Spain adaba kavalo pakhomo la eni, mtsikana wantchito n'kumugenda ndi maapozi mpaka kugwa, iye n'kumuponyera ndalama zagolide kuti asaulule, osamuyang'ana n'komwe kumaso. Patsogolo adakumana ndi mtsikana yemweyo atavala diresi lobwereka, akuombola ndi ndalama zomwe zija wantchito mnzake wokalamba amene adamugulitsa, ndipo ulendo uno Henry adaima, adamvetsera, adatengeka ndi nzeru zake. Danielle ankamutsutsa poyera pa nkhani ya amphawi, kumuuza kuti wobadwira paufumu ali ndi ngongole kwa anthu ake. Tsiku lina awiriwo atagwidwa ndi anthu a m'nkhalango, mtsikanayo adauzidwa kuti atenge chilichonse chimene angathe kunyamula azipita, ndipo adamusenza kalongayo pamapewa n'kuuyamba ulendo. Tidaseka mpaka nthiti kuwawa.

Kenaka udafika usiku wa phwando. Mayi omupeza adamung'ambira Danielle chovala pamaso pa anthu onse n'kuulula kuti uyu ndi wantchito wa m'nyumba mwawo. Henry, yemwe uja ankalumbira chikondi, nkhope idasintha, adamukana pagulu, mpaka kumuletsa kumutchula dzina. Adzukulu anga, chimenechi ndidachionapo ndi maso angawa. Pa ukwati wina ku Area 3 ndidavala chilundu chatsopano ndi duku kumutu, ndipo bambo wina wa galimoto adandipatsa moni wa manja awiri, kundifunsa za kunyumba, kundisiyira mpando. Pasadapite nthawi adabwera kudzacheza kwa abwana anga, ine n'kumutsegulira chitseko nditavala yunifolomu ndi epuloni, ndipo adandipatsira ambulera yake yonyowa maso ali kwina. Moni wanga udagwera pansi. Choncho pamene Henry adatembenuka ndidadziwa kuti opanga filimuyi akunena zoona, ndipo ndidawalemekeza chifukwa sadamubisire mlandu wake. Leonardo adamudzudzula n'kumusiya yekha ndi nsapato ija, mvula ikumunyowetsa. Tsiku la ukwati wake adamumasula mwana wa ku Spain amene ankalira kuguwa, n'kuthamanga kukapulumutsa Danielle kwa munthu woipa amene adamugula, koma adapeza mtsikanayo akutuluka yekha pachipata, atadziombola kale ndi lupanga. Chidamutsalira Henry ndi kupepesa basi. Adapepesa, adamutchula dzina lake lenileni, adagwada pafumbi, n'kumuvula nsapato yake yantchito n'kumuveka yaphwando ija. Kalonga wogwada chifukwa walakwa ndidali ndisadamuonepo.

Mafilimu a ku Nigeria atadzaza tawuni, kalonga adavala mikanda yofiira, bambo ake n'kukhala mfumu yotchedwa Igwe, mtsikana n'kukhala wogulitsa malalanje kapena wotunga madzi, amayi a mnyamata n'kumakalipa pakhomo, anyamata omasulira mafilimuwo m'Chichewa n'kumathiramo mchere wawo. Nkhani idali yomwe ija, ndipo amayi a ku Mchesi sankafuna wowafotokozera.

Ya mu 2015, imene adaitsogolera ndi Kenneth Branagh, ndidaionera ku Area 47 pa sikirini yaikulu yopachika pakhoma, agogo anu aamuna atatisiya kale. Kalonga wake ndi Kit, ndiye Richard Madden. Adakumana ndi Cinderella wake, Ella, m'nkhalango ali pa ulenje, mtsikanayo n'kumupempha kuti aileke nyama imene ankaithamangitsa, iye n'kumvera, ndipo atafunsidwa chimene amachita adangoti akuphunzira ntchito ya bambo ake kunyumba yachifumu. Kubisa kumeneko sindidakuyamikire kwenikweni, ngakhale chifukwa chake chidali chomveka, poti ankafuna kuti mtsikanayo ayambe wamudziwa iye mwini asadadziwe za chisoti. Ndiyenso adapempha kuti kuphwando kuitanidwe atsikana onse a m'dzikomo, olemera ndi osauka omwe, kuti mwina amuonenso. Pamene ndidapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje ndi pomwe bambo ake, mfumu, ali gone pafupi kutsirizika, adamuloleza kukwatira amene akumukonda, ndipo mnyamata wamkulu uja adakwera pabedi n'kudzipinda pambali pa bambo ake akulira. Kwathu kuno anyamata amakula akumva kuti mwamuna salira, ndipo pa maliro a bambo awo ndidawaona ana anga akumezera misozi kuseri kwa nyumba. Ndikadakonda akadalira poyera momwemo.

Pofunafuna mwini nsapato, Kit, tsopano ali mfumu, adadzibisa pakati pa asilikali ake chifukwa nduna yake yaikulu inkamukonzera ukwati wina mseri. Nyimbo itamveka kuchokera pazenera la pamwamba, mkulu wa asilikali, ndiye Nonso Anozie, wa makolo a ku Nigeria, adakana kuchoka pakhomopo, ndipo Kit adavula chofunda chausilikali n'kulamula kuti woimbayo atsike. Ella adatsika ndi diresi lake lakale lomwe lija, wopanda makolo, wopanda chuma, n'kumufunsa ngati amutenge momwemo. Adamutenga.

Wotsiriza mudandionetsa ndinu pa laputopu, wa mu 2021, Robert, ndiye Nicholas Galitzine, ndipo Ella ndi woimba Camila Cabello. Nyimbo zake zidandichulukira m'makutu, koma Ella wake ndi telala wofuna sitolo yakeyake, ndipo nditaona sizasi ndi zidutswa za nsalu pansi ndidakumbuka khonde lija la ku Malangalanga. Robert adamufunsira, mtsikana n'kukana chifukwa akakhala mfumukazi zosoka zithera pomwepo, ndipo pomaliza mnyamatayo adasiyira ufumu mlongo wake Gwen, amene nzeru zoyendetsera dziko adali nazo kale, n'kutsatira Ella kumene ntchito yake inkamutengera. Amalume anu adadzuka pampando nati uyu amudyetsa khuzumule. Ine ndidawakumbutsa kuti agogo awo, bambo anga ondibala, adasiya mudzi wawo n'kukamanga nyumba kwa amayi, adalima kumeneko mpaka imvi, ndipo palibe adawayesa opusa. Kunena za mkazi pampando, ku Dedza konkuno tidaona mayi Theresa Kachindamoto atavekedwa ufumu n'kumathetsa maukwati a ana, atsikana n'kumabwerera kusukulu.

Mwa onsewa, amene ndikadamuphera nkhuku atabwera kudzafunsira mmodzi wa inu ndi Christopher, wowerama mumsika uja. Koma filimu yoti muifunefune ndi ya Henry. Mukaipeza muionere pamodzi ndi alongo anu, ndipo mtsikana amene amakuthandizani ntchito m'nyumbamo mumuitane akhale nanu pampando.